Mpira umodzi, ana 120: ndalama za masewera pasukulu zichokere kuti?

Aphunzitsi a zamasewera akakumana ku TDC, likulu la aphunzitsi a masukulu oyandikana otchedwa zoni, madandaulo amakhala amodzimodzi: nzeru zilipo, ndalama palibe. Wina akufuna kuyambitsa mpikisano wa jingo, wina akufuna kukwirira matayala akutha m'mbali mwa bwalo kuti ana azidumpha, wina watopa kuona atsikana a Sitandade 7 atakhala pansi pa mtengo anyamata akuthamanga. Koma musanalembe kalata yopempha thandizo kwa aliyense, yambani mwadzifunsa ngati ndalamayo ndi ya timu kapena ya kalasi. Timu ndi anyamata 11 a mpira wamiyendo ndi atsikana 7 a ntchembere mbaye, kuphatikizapo ochepa odikira panja. Kalasi ndi ana onse, wamanyazi, wonenepa, woyendera ndodo, amene pa mphindi 30 kapena 35 za phunziro ayenera kutuluka thukuta. Ndalama zambiri zochokera kunja kwa sukulu zimakonda timu, poti timu ndiyo imanyamula chikho n'kujambulidwa. Ine njira zonse zopezera ndalama zimene ndikambe pano ndikuziyeza ndi mafunso awiri: kodi ndalamayo ifika kwa mwana wamba wa m'kalasi, ndipo kodi chaka chamawa idzabweranso?

Vutoli lili ndi pochokera. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo m'masitandade oyambirira. Kenaka silabasi ya PCAR, imene idayamba kulowa m'makalasi mu 2007, idaphatikiza masewera olimbitsa thupi ndi nyimbo, magule, zisudzo, zojambula ndi kusoka n'kupanga phunziro limodzi la Expressive Arts. A bungwe la mayeso la MANEB amayesa phunziroli ndi cholembera. Mwana akhoza kukhoza funso lakuti timu ya mpira wamanja imakhala ndi anthu angati asanawakhepo mpira chibadwire. Ndiye mayeso akayandikira, nthawi yotuluka panja imadyedwa ndi masamu, ndipo komiti ya sukulu ikamagawa ndalama, mpira umakhala kumapeto kwa mzere.

Njira yoyamba ndi kusagula

Izi zimamveka ngati kuthawa funso, koma tawerengerani. Kalasi ya ana 120 ikapatsidwa mpira umodzi wa m'sitolo, osewera ndi 22, enawo 98 ndi oonerera. Kalasi yomweyo ikakhala ndi zingwe za khonje 10 ndi mipira yachikulunga 10, igawika m'magulu 20 a ana 6, ndipo palibe wokhala pansi. Aphunzitsi adaphunzira kale za TALULAR ku koleji, kugwiritsa ntchito zopezeka pamalo pophunzitsa, koma ambiri amaikumbukira pa masamu ndi sayansi basi.

Mpira wachikulunga wopangidwa bwino si chinthu chochititsa manyazi. Pakati mumaika nsanza kapena mapepala opindapinda, n'kukulunga ndi majumbo, lina pamwamba pa linzake, uku mukukoka kuti ulimbe, kenaka n'kuluka chingwe mopingasa ngati ukonde. Ana a Sitandade 5 amaudziwa kuposa aphunzitsi awo. Mukaika zitsekerero za mabotolo zingapo m'kabotolo kakang'ono n'kukakulungira pakati, mpirawo umalira ukamagubuduka, ndipo mwana wosaona bwino amautsata ndi khutu. Mizere ya bwalo imalembeka ndi phulusa. Magolo ndi nsungwi kapena bulugama. Fulaye amangofuna botolo, mchenga ndi kampira kamodzi, koma muli kuthamanga, kuzinda ndi kulasa. Chipako sichifuna kalikonse. Chimtali, beni, malipenga kapena manganje, malinga ndi dera, zimatulutsa thukuta kuposa mpira umene mwana amaugunda kawiri pa phunziro lonse, ndipo ng'oma imabwerekeka kumudzi. Mwai Kumwenda, amene adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015, adayambira pa mpira wa mapulasitiki kwawo ku Mzimba.

Malire ake alipo, tisanamizane. Chikulunga sichidunda, ndiye mwana amene wazolowera chokhacho amasokonezeka akakumana ndi mpira weniweni pa mpikisano wa zoni. Chimathanso msanga, ndipo chimafuna mphunzitsi wosatopa kuyang'anira zopanganso. Koma njira imeneyi imasintha kukula kwa pempho lanu. M'malo mopempha mipira 30, mupempha 4, pampu ndi wenzulo, ndipo ndalama yotere imapezeka pafupi.

Ndalama ya SIG

Pa ndalama zonse zimene sukulu ya pulayimale ya boma ingadalire, iyi ndiyo ndingaiike patsogolo, ngakhale ili ndi zokhumudwitsa zake. SIG, kapena kuti School Improvement Grant, ndi ndalama ya boma yotukulira sukulu, ndipo idabwera ndi pulogalamu yotukula masukulu a pulayimale ya PSIP imene idayamba mu 2010. Imalowa mu akaunti ya sukulu ku banki, ndipo imagwiritsidwa ntchito motsata pulani ya chitukuko cha sukulu, SIP, imene aphunzitsi, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA, amayi a Mother Group ndi mafumu amayenera kukonzera limodzi. Pulaniyi ili ndi zigawo zitatu: ubwino wa maphunziro, mwayi wofanana woti ana onse alowe ndi kukhalabe pasukulu, ndi kayendetsedwe ka sukulu.

Apa ndi pamene aphunzitsi a zamasewera ambiri amagonera. Amadikira ndalama ifike ndiye n'kupita kwa ahedi kukapempha mpira, pamene chinthu chosalembedwa mu SIP sichigulika. Nkhondo yake imamenyedwa pa tsiku lolemba pulani, ndipo mawu amene mwasankha ndi amene amakupulumutsani. Mukalemba kuti "zamasewera", wapampando wa komiti adzafunsa ngati mpira ukuposa choko, chimbudzi chimene chagwa ndi mvula, kapena malipiro a mphunzitsi wothandizira, ndipo adzakhala akunena zoona. Koma zingwe, pampu ndi mipira ndi zipangizo zophunzitsira Expressive Arts, phunziro lolembedwa pa ndandanda ngati ena onse, choncho malo ake ndi chigawo cha ubwino wa maphunziro. Bwalo la atsikana ndi kachipinda kosinthiramo zovala zikhoza kulowa m'chigawo chosunga ana pasukulu. Kumeneko amayi a Mother Group ndi abwenzi anu, poti iwo amadziwa kuti mtsikana wosinkhuka sasiya kuthamanga chifukwa cha ulesi, koma chifukwa alibe chovala chodalirika pa masiku ake akumwezi. M'masukulu ambiri amayiwa amasoka kale mapadi ochapa.

Zokhumudwitsa zake ndi ziwiri. Ndalamayi ndi yochepa poyerekeza ndi mavuto a sukulu, ndiponso kawirikawiri imafika mochedwa, mitengo itasintha. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mipira ya m'sitolo imachokera kunja, ndiye mtengo umene mudalemba m'pulani umakhala wakale pofika tsiku logula. Komabe SIG ili ndi chimene ndalama zina zilibe: ndi ya chaka ndi chaka, ndipo mzere umene walowa m'pulani kamodzi suvuta kuubwezeramo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Zimene sukulu ingadzipezere yokha

Pano pali njira ziwiri zimene anthu amaziphatikiza, koma n'zosiyana kwambiri.

Yoyamba ndi kusonkhetsa makolo ndalama. Imafulumira, koma ndiyo imene imadanitsa sukulu ndi mudzi. Boma lakhala likunena kuti mwana wa pulayimale asabwezedwe kunyumba chifukwa cha ndalama, ndipo ngakhale sukulu itati chopereka n'chosakakamiza, mwana amene sadapereke amadziwika, ndipo ndi iyeyo amene amayamba kujomba. Kusonkhetsa mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitapsa, ndi kufuna kutukwanidwa. Ngati mwaganiza zopempha makolo, dikirani nyengo yokolola, ndipo lolani kuti apereke mbale ya chimanga, soya kapena mtedza, ena apereke mphamvu zawo posalaza bwalo ndi kudzula zitsa. Mwayi wake ngwakuti teremu yachitatu, imene kumakhala kouma ndi kozizira bwino kusewera, imagwera m'nyengo yomweyo.

Yachiwiri ndi yakuti sukulu ipange ndalama ndi zimene ili nazo kale. Bwalo la sukulu nthawi zambiri ndilo bwalo lokhalo m'dera lonse. Timu ya m'mudzi imasewerapo Loweruka, mipingo imachitirapo misonkhano, ena amachitirapo maukwati, ndipo makalasi amabwerekedwa kupemphereramo Lamulungu. Komiti ikagwirizana ndi amfumu kuti aliyense wobwereka azisiya kangachepe, ndipo gawo lina lizilowa m'thumba la masewera, ndalamayo imadontha chaka chonse. Timu ya m'mudzi ikati ilibe ndalama, isiye mpira umodzi pa teremu kapena izitchetcha udzu. Munda wa sukulu, nkhalango ya mitengo, tsiku la zisudzo ndi magule lolowa ndi ndalama pakhomo, ukwati wabodza wokhala ndi perekaniperekani, zonsezi zimathandiza, koma zimadya nthawi ya aphunzitsi, ndipo ana asasanduke aganyu olima nthawi ya maphunziro.

Chimene chimapha njira imeneyi si umphawi koma kukayikirana. Ndalama ya pakhomo ikangolowa m'thumba la munthu mmodzi popanda risiti, chaka chamawa palibe adzabwere. Werengerani pagulu tsiku lomwelo, lembani papepala lalikulu, limateni pakhomo la ofesi.

CDF ndi zikho za andale

Thumba la chitukuko cha m'dera, CDF, lidakhazikitsidwa mu 2006, ndipo pempho lake limadzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kukafika ku khonsolo. Mu 2025 khoti lidagamula kuti aphungu asamakhale ndi mphamvu pa kayendetsedwe ka thumbali, ndiye musamalize mphamvu zanu zonse pa phungu. Kambani ndi khansala, a ADC ndi ofesi ya maphunziro ku khonsolo. Ndalama imeneyi kwenikweni ndi ya zomangamanga. Ndi yoyenera kusalazira bwalo lotsetsereka, kuwaka simenti pabwalo la mpira wamanja, kuika magolo achitsulo kapena kumanga kachipinda kosungiramo katundu. Kupempha jezi ku CDF n'kuwononga mwayi. Dziwaninso kuti mukupikisana ndi mlatho, mjigo ndi nyumba ya mphunzitsi, ndipo zimatenga nthawi. Pempho limalemera ngati mwaonetsa kuti bwalolo lidzathandiza achinyamata a dera lonse.

Za zikho ndi mabonanza a andale sindikhalitsapo. Zimachuluka chisankho chikayandikira, n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa. Mpira mukapatsidwa landirani, koma pulani ya sukulu isamangidwe pamenepo, ndipo ana asavekedwe makaka a chipani.

Makampani, mabungwe ndi mipikisano

Apa ndi pamene pali ndalama zooneka, ndipo ndi pamene anthu amathera mapepala ambiri. Makampani akuluakulu a mafoni ndi mabanki akhala akuika ndalama zawo pa mipikisano yotchuka, monga Airtel Top 8 ndi FDH Bank Cup, poti kumeneko kuli wailesi ndi kanema. Za ana a pulayimale zimaonekera pa Mayor's Trophy m'mizinda, ndi pa mipikisano yodzera ku MASSA, bungwe la masewera a m'sukulu. Zonsezi ndi za timu. Kalata yochokera kusukulu ya kumudzi yopita kulikulu la kampani ku Blantyre kawirikawiri imakathera m'mulu wa makalata anzake. Amene angakumvereni msanga ndi amene mumaonana naye: mwini chigayo, wogulitsa zipangizo zaulimi pa tauni yanu, esiteti yoyandikana nanu ngati muli kudera la tiyi, nzimbe kapena fodya, amene ana a antchito ake amaphunzira pasukulu panupo. Munthu wotere musamupemphe "thandizo". Mupempheni mipira 4 ndi pampu imodzi, mtengo wake uwu, ndipo muitaneni adzaone Lachisanu masana. Koma kampani ya mowa kapena ya juga, ngakhale itapereka zambiri chotani, dzina lake lisalembedwe pamsana pa mwana.

Mipikisano nayo imatha kubweretsa chuma chenicheni. Bungwe la mpira wamiyendo mu Africa, CAF, lidayambitsa African Schools Football Championship ndi ndalama zokwana madola 10 miliyoni zochokera ku Motsepe Foundation, ndipo mphoto zake zimapita ku chitukuko cha sukulu. Pa ndime yomaliza yoyamba ku Durban mu 2023, anyamata a sekondale ya Salima adakhala achitatu, malo amene mphoto yake idali madola 150,000. Ndi nkhani yonyaditsa. Koma ndi sukulu imodzi pakati pa masauzande, ndipo palibe komiti yanzeru imene ingalembe mphoto m'bajeti. Pafupi ndi kalasi pali pulogalamu ya FIFA ya Football for Schools, imene idakonzedwa mogwirizana ndi UNESCO. Imagawa mipira ndi kuphunzitsa aphunzitsi kudzera m'mabungwe a mpira a maiko, kuno kwathu FAM. Sipereka ndalama m'manja mwa sukulu, koma n'koyenera kufunsa a PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa zoni, ngati zoni yanu ili m'gulu.

Mabungwe omwe si aboma amene amagwiritsa ntchito masewera pophunzitsa za umoyo, za HIV kapena za ufulu wa atsikana ali ndi ubwino umodzi waukulu: amaphunzitsa mphunzitsi. Mipira yawo idzaphulika, koma mphunzitsi amene waphunzira kuyendetsa ana 100 m'magulu popanda chisokonezo amakhala ndi lusolo mpaka kupuma ntchito, ngakhale akasamutsidwa amapita nalo. A Special Olympics Malawi ndi oyenera kuwafunsa ngati muli ndi ana olumala m'maganizo. Kuipa kwa mabungwe n'kwakuti amabwera ndi cholinga chawo ndi maboma awo osankhiratu, ndipo pulojekiti ikatha imatha basi. Zimene zidachitika mu 2025, thandizo la USAID litaimitsidwa mwadzidzidzi, zidaphunzitsa anthu ambiri kuti ngakhale wothandiza wamkulu akhoza kuchoka osatsanzika.

Mphatso ya katundu imafunanso diso. Mipira imafika yophwa, ili m'katoni, popanda pampu, kapena pampu ilipo koma kasingano kake kathyoka tsiku loyamba. Ina ndi yopangidwira kapinga, ndipo pabwalo lathu la miyala ndi minga siimaliza mwezi. Wopereka akakufunsani chimene mukufuna, tchulani mpira wolimba wosokedwa, umene wosoka nsapato pamsika angathe kuukonza, masaizi aang'ono a ana osati a akuluakulu okha, ndi masingano a pampu ambiri.

Ana akale a sukulu ndi abale akunja

Magulu a WhatsApp a ana akale asintha zinthu. Uthenga umodzi wokhala ndi chithunzi cha bwalo, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pofika madzulo kwalowa kanthu. Njira imeneyi ndi yamphamvu kwa masukulu akale a mishoni ndi masekondale otchuka, amene ana awo ali m'maofesi. Kwa pulayimale ya kumudzi ndi yofooka, komabe pafupifupi mudzi uliwonse ku Mangochi, Mzimba kapena Nkhata Bay uli ndi ana ake ku Johannesburg kapena Cape Town, ndipo munthu saiwala bwalo limene adathyokapo chikhadabo.

Abale akunja amakonda kutumiza katundu, makamaka nsapato zampira ndi jezi zakale. Mtima wake ngwabwino, koma mtengo wonyamulira ndi msonkho zimatha kuposa mtengo wa katunduyo, ndiye funsani a bungwe la misonkho la MRA katundu asananyamuke. Ndiponso nsapato 15 pasukulu ya ana 1,500 zimangobweretsa kaduka. Ndalama yodzera ku Mukuru imagula zimene mukufunadi, n'kupatsanso ntchito telala ndi wowotcherera zitsulo wa pamalopo. Masamba osonkhetsera ndalama pa intaneti ngati GoFundMe salola munthu wokhala ku Malawi kutsegula n'kutapa yekha, amafuna wina wokhala kudziko ngati Britain, ndiye zonse zimadalira kukhulupirika kwa munthu ameneyo. Chenjeraninso ndi zithunzi za ana: musaike nkhope ndi maina awo pa Facebook makolo asanavomere. Ndipo ana akale amatopa. Pempho loyamba amalilandira ndi manja awiri, lachitatu amangoliwerenga osayankha, makamaka ngati sadaone risiti ya loyamba.

Ndikadakhala mu komiti ya sukulu ya pulayimale ya kumudzi, zinthu zotha msanga, monga mipira, zingwe ndi masingano, ndikadaziika pa SIG ndi pa ndalama ya bwalo, chifukwa zimafunika chaka chilichonse. Ana akale ndikadawapempha kamodzi, chinthu chimodzi chooneka, monga mapolo achitsulo a ntchembere mbaye. Ku ADC ndikadapita ndi bwalo lokha. Sukulu ya m'tauni ikhoza kutembenuza dongosololi, poti ili ndi amalonda pafupi ndi obwereka holo ambiri, koma nthawi zambiri ilibe malo, ndiye jingo ndi magule zimaiyenera kuposa mpira wamiyendo.

Pali njira inanso imene sindiimva ikukambidwa mokwanira, yosonkherana pa zoni. Masukulu a zoni imodzi amakumana kale ku TDC pansi pa a PEA. Zinthu zodula zimene sizifunika tsiku lililonse, monga ukonde wa volebo, tepi yoyezera, wotchi yothamangira ndi bokosi la chithandizo choyamba, zikhoza kugulidwa limodzi n'kumabwerekedwa mosinthana. Kumeneko n'komwenso mphunzitsi mmodzi amene adapita kumaphunziro angagawireko anzake popanda kudikira alawansi.

Katundu akafika, nkhani imasanduka ya kiyi. M'masukulu ambiri mipira yatsopano imakhala m'kabati mwa ahedi, isanachotsedwe n'komwe m'pulasitiki, kudikira tsiku la mpikisano kapena la alendo, chifukwa ahedi akuopa kudzafunsidwa ikatha. Mantha amenewo amachoka komiti ikalemba poyera kuti mpira ndi chinthu chotha ngati choko, ndipo wophulika uzibwezedwa ku ofesi ngati umboni. Mipira iwiri isungidwe ya timu, inayo ilembedwe nambala ndi penti, iikidwe m'thumba, ndipo pakhale kope limene mtsogoleri wa kalasi azisainamo potenga ndi pobweza. Kiyi wachiwiri akhale ndi mphunzitsi wamkazi, apo ayi tsiku la atsikana lizingogwera pamene mwini kiyi wapita kumsonkhano.